Kanema wa Citi Golf yozungulira: ntchito ya mnyamata wa 3D wa ku Rosettenville

Kasitomala akafuna penti wachilendo, chovuta n'kumuonetsa zomwe adzalandire tisanatsegule chitini. Pa galaji yathu ku Booysens, kuno ku Joni, tinaganiza zopangitsa kakanema ka 3D komwe galimoto imazungulira pamalo amodzi, komwe odziwa amati turntable. Ntchitoyi tinampatsa mnyamata wina wa kwathu, wa ku Zomba, yemwe amagwirira m'chipinda chake ku Rosettenville pogwiritsa ntchito Blender, pulogalamu yaulere ija. Tinafuna makanema awiri: wa Citi Golf yotsitsidwa, ya marimu aakulu ndi penti wofiira wa candy, ndi wa kamunthu kovala ovololo komwe tikufuna kakhale chizindikiro cha galaji.

Golf anaiumba bwino, apa sindinama. Volkswagen inapanga galimotoyi ku Uitenhage kuchokera 1984 mpaka 2009, ndipo ili mbwee m'misewu ya kuno ku Joni, kotero akanaphonya ngakhale kona ya boneti tikanaona. Koma kanema woyamba sanandigwire mtima. Penti ankaoneka wakufa. Ife opopera penti sitiyamba ndi kuona mtundu. Timaona mzere wa kuwala mmene ukutsetserekera pa chitseko, kudutsa pa fenda, osathyoka. Mu kanemayo mzerewo munalibe, chifukwa galimoto inali m'chipinda chotuwa chopanda choti penti awonetse. Komanso kamera ndiyo inkayenda mozungulira, ikafika kumbuyo, buti yonse ili mumdima.

Ndinamuitana kugalaji, ndinamuimika pafupi ndi Polo yomwe tinali titangomaliza kupolisha. Ndinati, "Achimwene, tayendani uku mukuyang'ana chitsekochi." Anayenda kawiri, n'kungoti, "Ndamva, madala." Apa ndi pomwe ndinamukondera. Sanayambe kundiphunzitsa za kompyuta.

Kanema wachiwiri anali wina. Kamera ndi nyale anaziimika, galimoto ndiyo inkazungulira, ndiye mbali iliyonse imadutsa pomwe kuwala kuli bwino. Pamwamba ndi m'mbali anaika nyale zazitali ngati machubu a m'chipinda chopoperamo, n'kuwonjezera chithunzi chozungulira cha HDRI, chija chimapatsa penti kuwala ndi zoti awonetse, chomwe anatenga kwaulere pa webusaiti ya Poly Haven. Penti anamugawa pawiri monga timachitira ife: wofiira wa tizitsulo tonyezimira pansi, clear coat, vanishi wowala uja, pamwamba. Lenzi yotambalala yomwe inkatupitsa mphuno ya Golf anaisiya n'kuika ya 85mm, kamera itatsika kufika msinkhu wa nyale zakutsogolo. Matayala, omwe poyamba ankaoneka ngati akuyandama, anakhala pansi ataika kamthunzi kakuda pomwe tayala lakhudza simenti.

Chinanso chomwe chinkandinyansa koma osadziwa dzina lake chinali kayendedwe. Galimoto inkayamba mwaulesi, kuthamanga pakati, kenaka kuima kaye isanayambenso. Iye anati Blender imafewetsa poyambira ndi pothera yokha, mpaka munthu asinthe kuti ikhale linear, kutanthauza liwiro limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anandionetsanso kamsampha kena: kanema wa masekondi 10 pa mafelemu 24 pa sekondi amakhala ndi mafelemu, kapena kuti zithunzi, 240, ndipo madigiri 360 ayenera kugwera pa felemu 241. Akagwera pa 240, chithunzi choyamba ndi chomaliza chimafanana, kanema akamabwereza amachita ngati wapunthwa. Pano pa TV ya mu ofesi imazungulira tsiku lonse osaona polumikizira.

Kamunthu kaja ndiye sikanafike pamenepo. Poyamba kanatambasula manja mbali zonse, khungu lili mbuu ngati mwana wosadzola mu Juni. Anakonza ndi nyale yofundirako kutsogolo ndi ina kumbuyo yojambula mapewa, khungu lakuda linabwerera mwake, ndipo anakagwiritsa mfuti yopopera penti. Koma ovololo ndi youma, ilibe makwinya pa mawondo ndi m'zigongono, maso nawo sakuyang'ana kanthu. Ndi zoonekeratu kuti mtima wa mnyamatayu uli pa magalimoto.

Pa nthawi, konzekani kudikira. Amagwiritsa ntchito laputopu imodzi, ndipo Cycles, mbali ya Blender yomwe imatulutsa zithunzi zomaliza, imadya maola. Atayesa kufulumiza pochepetsa ma sample, omwe akachuluka chithunzi chimayera koma chimachedwa, mkati mwa marimu munkathwanima timadontho, zinatengera kubwerezanso. Chomwe amachita mwanzeru n'chakuti felemu iliyonse amaisunga payokha ngati chithunzi cha PNG, ndiye magetsi akazima amapitiriza pomwe analekera. Tinapangana sabata imodzi, ntchito inatha m'masabata atatu, ngakhale foni ankayankha nthawi zonse ndipo kukonza konseku sanawonjezere mtengo.

Ngati muli ndi galaji, mumamata mastika pa magalimoto kapena mumagulitsa marimu, ndingakuuzeni kuti pitani, koma mupanganiretu kuti akonza kangati, ndipo akuonetseni zithunzi zinayi, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, asanayambe kanema yense. Kanemayo akutumizireni ngati document pa WhatsApp, chifukwa akatumiza mwawamba amafinyidwa, penti wofiira uja n'kukhala mizeremizere. Wofuna kamunthu kokha, ayambe wapempha kuona tomwe anapangapo kale.