Kutsimikizira lamulo la Pythagoras: sikweya yaikulu kapena mathirayango ofanana?

Lamuloli limati pa thirayango yokhala ndi ngodya ya madigiri 90, a² + b² = c², pomwe c ndi mbali yaitali yoyang'anana ndi ngodyayo, ndipo a ndi b ndi mbali ziwiri zinazo. Kuyeza thirayango ya mbali 3, 4 ndi 5 si umboni ayi. Umboni uyenera kugwira pa thirayango iliyonse yokhala ndi ngodya ya madigiri 90.

Njira yoyamba: jambulani sikweya ya mbali a + b, muike mathirayango anayi ofanana ndendende, a mbali a, b ndi c, m'makona mwake. Pakati patsala sikweya ya mbali c. Mathirayango anayiwo pamodzi amatenga malo okwana 2ab, choncho (a + b)² = 2ab + c². Koma (a + b)² ndi a² + 2ab + b², ndipo mukachotsa 2ab uku ndi uku, patsala a² + b² = c². Ophunzira amaigwira msanga chifukwa amadula mapepala n'kuona okha. Pamene ambiri amaphonya ndi apa: sasonyeza kuti chapakaticho n'sikweyadi. Ngodya ziwiri zazing'ono za thirayango zikaphatikizidwa zimakwana 90, mzere woongoka ndi 180, ndiye yotsalayo ndi 90. Popanda zimenezi umboni ngwoperewera.

Njira yachiwiri ndi yaifupi. Kuchokera pa ngodya ya 90 tsitsani mzere wogwera c moongoka, womugawa kukhala p ndi q, p akhale kumbali ya a. Thirayango yaikulu ndi mathirayango awiri aang'ono amene apangika ali ndi ngodya zofanana, motero mbali zawo zoyenderana zili pa ratio imodzi: a² = cp, b² = cq, ndipo kuwonkhetsa kumapereka c², popeza p + q = c. Koma wosadziwa bwino ma ratio amasokoneza mbali zoyenderana.

Kwa oyamba kumene, yambani ndi sikweya. Yachiwiriyo idikire ataphunzira za mathirayango ofanana.