Galaja ya ku Limbe imene inadzutsa Peugeot 404 ya malemu bambo anga

Kwa zaka 14, Peugeot 404 ya malemu bambo anga inakhala pansi pa mtengo wa mango kumudzi kwathu ku Chiradzulu, matayala ataphwa, denga litadzaza masamba, ndipo pafupifupi mlendo aliyense wofika pakhomo ankandilangiza kuti ndiigulitse kwa ogula zitsulo zakutha. Sindinavomere, chifukwa galimoto imeneyi ndi imene inkatinyamula tili ana kupita ku Zomba kukaona agogo, ndipo ndinkakhulupirira kuti ikadali ndi moyo. Mu Ogasiti 2023 ndinaikweza pa lole n'kukaitula pa galaja ina ya ku Limbe imene anzanga okonda galimoto zakale anandilozera, ndipo inatulukamo ikuyenda yokha mu Juni 2024. Tsopano ndayenda nayo mokwanira kuti ndinene zimene amisiri a pamalopo anachita bwino ndi zimene anandikhumudwitsa nazo.

Galajayo ilibe chikwangwani. Ndi bwalo lotchingidwa ndi mpanda wa njerwa, lokhala ndi chisakasa cha malata, dzenje limodzi lolowera kunsi kwa galimoto, ndi kachipinda kosungiramo zida. Mwini wake ndi bambo wachikulire amene anyamata ake atatu amamutchula kuti madala, ndipo inenso ndinazolowera kuwatchula motero. Tsiku limene ndinafika ndinapeza m'bwalomo Land Rover yakale, Volkswagen Beetle ziwiri ndi Datsun ya katundu kumbuyo, ndipo sindinaonemo galimoto ngakhale imodzi ya masiku ano. Makina a kompyuta oyezera matenda a galimoto mulibe, ndipo 404 siwafuna, popeza mu injini yake mulibe chilichonse chimene kompyuta ingalankhule nacho.

Chimene chinandipatsa chikhulupiriro pa tsiku loyambalo ndi choti madalawo sanathamangire kuyesa kuiliza. Anthu ambiri akapeza galimoto yogona amafulumira kuikamo batire ndi petulo kuti amve ngati ilira, ndipo potero amawononga injini imene ikanapulumuka. Iwo anachotsa mapulagi onse anayi, anathira oyilo pang'ono mu silinda iliyonse, nandiuza kuti, "Bambo, pitani kunyumba, mudzabwere pakatha sabata, chifukwa chitsulo chimene chagona zaka zonsezi sitichidzutsa ndi chikoti." Nditabwerera, anapukusa injini ndi sipanala pamaso panga ndipo inazungulira. Kenako anatsegula kunsi, ndipo oyilo wakale anatuluka atasakanizika ndi madzi, wotuwa ngati phala. Apa mtima wanga unagwa, koma iwo sanadabwe, ndipo anandifotokozera chifukwa chake asanamasule n'komwe mutu wa injini.

Injini ya 404 ndi ya masilinda anayi, kukula kwake ndi 1618 cc, ndipo inaikidwa mopendekeka kuti boneti ikhale yotsika. Masilinda ake ndi mapaipi achitsulo ochita kulowetsa ndi kuzula, amene madzi oziziritsa injini amawazungulira mwachindunji, ndipo kunsi kwa lililonse kuli chotsekera chimene chimaletsa madziwo kutsikira mu oyilo. Zotsekerazo zikakalamba, madzi amadutsa. Ubwino wa kapangidwe kameneka ndi woti injini ikatha, simufunika kupita nayo kwa akatswiri a makina oboola zitsulo, koma mumangozula masilinda akalewo n'kuikamo atsopano pamodzi ndi mapisitoni ake, ndipo injini imabwerera mwakale. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene galimotoyi, imene inatuluka koyamba ku France m'chaka cha 1960, inakondedwera kwambiri mu Africa, mpaka ku Kenya anapitiriza kuilumikiza kufikira 1991. Inapambananso mpikisano wovuta wa East African Safari Rally kanayi, mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ndipo yanga ndi ya 1966, chaka chimene Bert Shankland wa ku Tanzania anapambana nayo. Madalawo anagwira ntchito ya masilindawo ndi manja awo osausiyira mnyamata aliyense, anayeza kutalika kwa silinda iliyonse asanaike gasiketi, ndipo kuyambira pamene galimoto inatuluka sindinapezeko dontho la madzi mu oyilo kapena kuona singano ya kutentha ikukwera mopitirira.

Pali malo ena pamene luso lawo linandipulumutsa ku chiwonongeko chimene sindikanachiona chikubwera, ndipo ndi pa difu, bokosi la magiya la pakati pa matayala akumbuyo limene limapereka mphamvu ya injini ku matayalawo. Difu ya 404 ya mtundu wanga siili ngati ya galimoto zambiri, chifukwa mkati mwake muli chitsulo chopota ngati sikuluwu chimene chimazungulitsa gudumu la mano lopangidwa ndi mkuwa wosakaniza. Oyilo wamba wa magiya amene amagulitsidwa paliponse ali ndi mankhwala amene amadya mkuwa woterowo pang'onopang'ono, ndipo kale difu imeneyi inkathiridwa oyilo wochokera ku nsatsi, amene sayenera kusakanizidwa ndi oyilo wina. Mnyamata wina wa pagalajapo anali atatenga kale botolo la oyilo wamba, koma madalawo anamuletsa, anatsuka difu yonse, ndipo anandiyembekezetsa masabata atatu kufikira oyilo woyenera atapezeka. Pa nthawiyo ndinadandaula ndi kuchedwako, koma lero ndikudziwa kuti gudumu la mkuwalo likanatha, kulipeza kukanakhala kovuta kuposa china chilichonse pa galimotoyi.

Anaganiziranso za petulo wa kuno kwathu. M'Malawi muno petulo amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira m'chaka cha 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo ethanol amaumitsa ndi kung'amba mapaipi a labala akale, komanso amakoka chinyezi chimene chimadzetsa dzimbiri mu thanki ya galimoto yongokhala. Anatsitsa thanki, anaitsuka, anasintha mapaipi onse a labala kuyambira ku thanki kukafika ku kabuleta, ndipo kabuleta ya Solex anaimasula kachidutswa ndi kachidutswa pa thebulo loyalidwa nsalu. Sanandiuze kuti ndigule ina, ngakhale kuti zongofanizira zotchipa zilipo pa intaneti. Chimodzimodzinso ndi dynamo, chipangizo chakale chopangira magetsi a m'galimoto, imene ambiri akanaitaya n'kuikapo alternator: iwo anangosintha makala ake ndi mabering'i, ndipo ikudzaza batire bwinobwino. Khalidwe lokonza chinthu m'malo mochitaya ndi limene ndinalipirira pagalajapo, ndipo kwa munthu amene akufuna kuti galimoto yake ikhalebe mmene inatulukira ku fakitale, khalidwe limeneli ndi losowa kwambiri masiku ano.

Mabuleki, amene ndi a dilamu pa matayala onse anayi, anawakonza bwino, ndipo giya, imene ili pambali pa chiwongolero osati pansi, ikulowa mosavuta.

Tsopano ndinene zimene sizinandisangalatse, ndipo choyamba ndi nthawi. Tinagwirizana miyezi inayi, koma inatha miyezi 10. Zifukwa zina zinali zomveka, monga kuzimazima kwa magetsi kumene kunkaimitsa ntchito yowotcherera, ndi kudikira zipangizo zochokera kunja. Masilinda ndi mapisitoni anachokera ku South Africa kudzera mwa mbale wanga amene amakhala ku Johannesburg, pamene nyali yakumbuyo ndi zogwirira zitseko zinapezeka ku Harare, kumene 404 zazitali zija zinagwira ntchito yonyamula anthu kwa zaka zambiri. Koma panalinso masabata athunthu amene galimoto yanga sinakhudzidwe n'komwe chifukwa madalawo anali atalandira ntchito ina, ndipo palibe amene anandiimbira foni kundidziwitsa. Ndinkadziwa pokhapokha ndikapita ndekha n'kupeza fumbi la pa boneti lili mmene ndinalisiyira. Munthu wokhala kutali, monga ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, amene sangathe kumafika pamalopo kawirikawiri, angavutike kwambiri ndi kachitidwe kameneka.

Chachiwiri ndi ndalama ndi zolembalemba. Sindikunena kuti anandibera, ayi, ndipo chipangizo chilichonse chimene anachotsa anandibwezera m'katoni kuti ndidzionere ndekha, chimene ndi chizindikiro cha kukhulupirika. Vuto ndi loti mtengo wonse unangonenedwa pakamwa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zonse zoitanitsa kunja zinakwera nthawi imodzi, ndipo popeza panalibe pepala losonyeza zimene tinagwirizana poyamba, zinali zovuta kusiyanitsa kukwera kochokera ku kugwa kwa ndalama ndi kukwera kochokera ku ntchito zina zimene zinkatulukira galimoto ikamamasulidwa. Pomaliza ndinalipira pafupifupi kawiri ndalama zimene ndinakonzekera. Kuyambira mwezi wachisanu ndinagula kope langa, ndipo ndalama iliyonse imene ndinkapereka tinkailemba n'kusainira tonse awiri. Madalawo sanakhumudwe nazo, ndipo ndikulangiza aliyense wopita kumeneko kuti ayambe ndi kope loterolo pa tsiku loyamba.

Chachitatu, chimene chimandiwawa kwambiri, ndi thupi la galimoto ndi penti. Peugeot 404 ya mtundu uwu ilibe chasisi chapadera chimene thupi limakhalapo, koma thupi lenilenilo ndi limene limanyamula zonse, choncho dzimbiri la pansi si nkhani ya maonekedwe chabe koma ya chitetezo cha okweramo. Pa mbali yofunikayi anachita bwino: pansi pa mapazi a woyendetsa, m'munsi mwa zitseko, ndi pamene pamamangidwa mashoko akutsogolo, anadula chitsulo chodyekacho n'kuwotchererapo chatsopano, ndipo ndinalowa m'dzenje kukaona ndekha asanapake phula. Koma pa zitseko ndi pa mapiko akumbuyo, mnyamata amene anapatsidwa ntchitoyo anadalira kwambiri phala lomatira m'malo mowongola chitsulo ndi hamala. Dzuwa likawomba cham'mbali, mizere yowongoka imene akatswiri a Pininfarina a ku Italy anaijambula pa galimotoyi imaoneka yopindikapindika, ndipo 404 kukongola kwake kuli pa mizere imeneyo. Pentiyo anapopera pabwalo popanda chipinda chotsekedwa, m'nyengo ya mphepo, moti ukasisita ndi dzanja padenga umamva timchenga. Pasanathe chaka, pakona ya chitseko chakumbuyo chakumanzere panayamba kutupa. Nditawaonetsa, madalawo anavomera osatsutsa, nati, "Apa talakwa ndife, bambo, bwerani nayo tikonze," ndipo anakonzadi osandilipiritsa. Komabe ntchito yonse ya penti ndidzaibwereza kwina ndikapeza ndalama.

Mipando sanaigwire, koma ananditumiza kwa telala wina wa ku Ndirande amene anaisoka bwino potsata mizere ya nsalu yakale. Matayala a mainchesi 15 opyapyala ngati amene galimotoyi inabwera nawo ndi ovuta kuwapeza m'masitolo athu, ndipo ndinachita kuitanitsa. Pa zikalata anandithandiza ndi uphungu wokha: popeza galimotoyo inali m'dzina la malemu bambo, ndinayenera kuyamba ndasintha umwini ku ofesi yoona za pamsewu ndisanaitengere kukayezetsa kuti ipeze COF, chikalata chotsimikiza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo inapambana ulendo woyamba. Amene akufuna kugula galimoto yakale kwa munthu wina ayambe waona buku lake ndi kufananitsa manambala a injini ndi a thupi ndi zimene zalembedwamo, asanapereke ndalama iliyonse, chifukwa makaniko angadzutse injini yakufa koma sangakonze zikalata zosokonekera.

Ulendo woyamba wautali ndinapita ku Zomba, ndipo madalawo anaumirira kuti akwere nawo, atanyamula bokosi la zida pamiyendo. Kuchoka ku Limbe kudutsa ku Njuli, ku Namadzi ndi ku Thondwe, iwo sanalankhule zambiri, koma ankangotchera khutu ku injini. Titafika ku Namadzi anandiuza kuti ndiime, anatsegula boneti, anatembenuza pang'ono kwambiri distributor, chipangizo chimene chimagawa moto ku mapulagi, ndipo titanyamukanso kulira kwina kwachitsulo kumene ine sindinakumve n'komwe kunali kutatha, ndipo galimoto inayamba kukoka mopepuka. Tinakwera phiri la Zomba mpaka ku Ku Chawe pa giya yachiwiri, madzi osawira, ndipo potsika anandikumbutsa kuti mabuleki a dilamu akatentha amafooka, choncho nditsike pa giya yomweyo injini izigwira galimoto. Pa msewu wa maenje 404 imayenda mofewa kuposa galimoto zambiri zatsopano zimene ndakwerapo, ndipo phokoso la m'kati ndi lochepa.

Amene ali ndi galimoto ya kabuleta ndi mapointi a mu distributor, ya zaka za m'ma 1960 kapena 1970, ndipo vuto lake lili mu injini, mu giyabokisi, mu difu kapena m'mabuleki, apite nayo kumeneko mosakayika, koma apite ali ndi kope, ali ndi nthawi, ndiponso atapeza kale munthu wa ku South Africa kapena ku Zimbabwe womuthandiza kugula zipangizo. Ntchito yowotcherera pansi awasiyire, koma kuwongola zitseko ndi kupopera penti akapereke kwa amisiri amene ali ndi chipinda chake. Yanga ndikubwerera nayo kumeneko mwezi wamawa kuti akachune mavavu ndi kusintha oyilo wa mu difu, ndipo mnyamata wamkulu wa pagalajapo, amene madalawo ayamba kumusiyira makabuleta, wandipempha kuti ntchito ya mavavuyo adzaigwire iye madalawo akuyang'anira.