Fyuzi, breaker kapena inveta yopanda fyuzi: ndinaphunzira bokosi litapsa

Chaka chino chokha anthu anayi andifunsa funso limodzimodzi: pa sola yaikulu, ya 50kW kupita m'mwamba, mbali ya DC (magetsi ochokera ku mapanelo asanalowe mu inveta) tiziteteza ndi chiyani? Ndatopa kuyankha pa foni ndili pamakwerero, ndiye ndilembe kamodzi basi. Sindikunena za minda ya mapanelo ngati ya 60MW ya ku Salima kapena ya 20MW ya ku Golomoti, kumeneko kuli mainjiniya awoawo. Ndikunena ntchito zathu zino: mapampu a mthirira, zigayo, malo ogona alendo kunyanja. Njira zimene timakumana nazo ndi zitatu: combiner box (bokosi lokumaniramo mawaya a mapanelo) ya ma breaker a DC, combiner box ya mafyuzi a gPV (opangidwira sola) ndi isolator (switchi yodulira magetsi), kapena inveta ya ma MPPT ambiri (makomo olowera magetsi a mapanelo, lililonse loyendetsedwa palokha) yosafuna fyuzi n'komwe.

Ndiyambe ndi breaker, poti ndi amene ndili naye chifukwa.

Zaka zingapo zapitazo ndinaika sola pa munda wina wa mthirira ku Chigwa cha Shire. Mabokosi ndinagula pa sitolo ina mu Blantyre, atamangidwa kale, lililonse lolandira mizere 8 ya mapanelo (mzere ndi mapanelo olumikizidwa motsatizana), mzere uliwonse breaker yake. Anali okongola, mtengo wake wabwino, ndipo mwini munda anakondwa nditamuuza kuti sadzagulanso fyuzi, ikagwa n'kungoikweza. Mwezi wa Okutobala utafika, ma breaker anayamba kugwa okha masana popanda vuto lililonse. Breaker imagwa ndi kutentha kwa kachitsulo ka m'kati mwake, ndiye mukaitsekera m'bokosi lachitsulo padzuwa la ku Chikwawa, imayamba ntchito itatentha kale. Mlonda anazolowera kumangokweza. Mvula itayamba, makoswe anatafuna waya wa mzere umodzi, mawaya awiri n'kugundana. Pofika ine, bokosi linali makala, chitseko chitapindika, fungo la pulasitiki lili ponseponse.

Chimene chinachitika ndi ichi, ndipo ambiri timachiphonya. Panelo ya 550W imatulutsa pafupifupi 13A ikamagwira ntchito, ndipo ngakhale mutagundanitsa mawaya ake sipitirira 14A kwenikweni. Choncho mzere pawokha sungagwetse breaker yake. Choopsa ndi anzake aja. Mzere umodzi ukagundana, mizere 7 yotsalayo imathira moto wake wonse mwa wodwalayo, chobwerera m'mbuyo, pafupifupi 98A. Ma breaker anga aja anali olembedwa + ndi − pa miyendo. Mtundu umenewo uli ndi maginito m'kati okankhira lawi la magetsi kumalo kozimitsira, koma amatero pokhapokha moto ukuyenda mbali imodzi yokha. Ukabwerera m'mbuyo, maginito omwewo amakankhira lawi kolakwika. Ndiye kuti pa tsiku lenileni limene breaker inkafunika, ndi tsiku limene sikanatha kugwira ntchito. Inagwa ndithu, koma lawi silinazime.

Ndipo lawi la DC si la masewera. Magetsi a ESCOM, a AC a 50Hz, amadutsa pa ziro ka 100 pa sekondi, lawi n'kupeza mpata wozima. DC ya 800V kapena 1,000V ilibe mpata umenewo, imangoyaka ngati makina owotcherera zitsulo mpaka dzuwa litalowa kapena waya atatha. Nditamasula bokosi lachiwiri limene silinapse ndinapezanso china: ma breaker anali a miyendo inayi, mwendo uliwonse 250V, ofunika kulumikizidwa motsatizana kuti afike 1,000V, koma amene anamanga bokosilo anagwiritsa miyendo iwiri yokha. Wogulitsa anandiyankha kuti katundu akatuluka pakhomo sabwerera. Mawaya, mabokosi atsopano, mafuta a galimoto maulendo atatu, zonse zinatuluka m'thumba mwanga, osanena za manyazi pamaso pa mwini munda chimanga chake chikufota.

Kunena chilungamo, ma breaker a DC abwino alipo, osasankha mbali ya moto, ndipo makampani ngati ABB ndi Schneider amapanga. Koma muwerengere mtengo wake kuchulukitsa ndi mizere 20, muona nokha. Ine ndinasiya, mtima sundilola.

Mafyuzi a gPV ndi amene ndimayika tsopano paliponse pamene mizere itatu kapena kuposa ikukumana. Fyuzi ilibe maginito, ilibe kutsogolo kapena kumbuyo, m'kati muli mchenga umene umameza lawi, ndipo mlonda sangaikweze. Yapsa, yapsa, munthu afufuze chifukwa chake. Lamulo lake ndi IEC 60269-6, ndipo zilembo gPV ziyenera kuoneka pa thupi lake pamodzi ndi 1,000V DC. Kusankha kukula sikovuta: tengani Isc ya panelo (moto umene imatulutsa mukagundanitsa mawaya ake), chulukitsani ndi 1.5, koma musapitirire nambala ya fyuzi yolembedwa kuseri kwa panelo. Pa panelo ya 14A mupeza 21A, ndiye mugula ya 25A, yomwenso ndi malire a mapanelo ambiri a kukula kumeneko. Za Bussmann ndi Mersen ndi zimene ndimadalira.

Koma fyuzi nayo ili ndi msampha wake, ndipo wogulitsa sakuuzani. Ya 1,000V ndi ya 10x38mm, kukula kofanana ndendende ndi fyuzi wamba ya AC ya 500V yopezeka m'sitolo iliyonse ya zamagetsi. Imalowa bwinobwino m'chipanda chake. Ya gPV ikapsa ku Nsanje, munthu sadikira kuti ichokere ku Johannesburg, amathamangira pa boma n'kugula yofanana nayo, ndipo zonse zimayenda mpaka tsiku la ngozi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: ndimasiya zapadera 10 m'bokosi lenilenilo, zitamatidwa kuchitseko, ndipo mtengo wake ndimauika mu kotesheni poyambirira. China, chipanda cha fyuzi si switchi. Mukachitsegula moto ukuyenda, lawi likutsatani m'manja. Pamafunika isolator yeniyeni ya DC pambali, yolembedwa DC-PV2, imene mumayamba mwazimitsa. Pamenepanso musatchipe. Ku Australia mu 2014 ma isolator ena a DC anachotsedwa pamsika atayambitsa moto pa madenga a nyumba.

Njira yachitatu ndi imene ndimailimbikitsa ntchito ikakhala yatsopano. Huawei SUN2000-100KTL-M1 ili ndi ma MPPT 10, Sungrow SG110CX ili ndi 9, ndipo iliyonse imalandira mizere iwiri yokha pa MPPT imodzi. Mizere ikakhala iwiri, wodwala amangolandira 14A ya mnzake mmodzi, imene panelo imapirira. Fyuzi sifunika, combiner box sifunika, switchi ya DC ili pa inveta pomwepo, ndipo pa foni mumaona mzere uliwonse zimene ukutulutsa. Kuipa kwake ndi waya: mzere uliwonse uyenera kukafika ku inveta pawokha, ndiye mapanelo akakhala kutali, kopa akudyerani ndalama. Komanso izi ndi za inveta zolumikiza ku ESCOM kapena ku jenereta. Pa mapampu a VSD (chipangizo choyendetsa liwiro la mota), amene amalandira DC pakhomo limodzi, mubwerera ku fyuzi mufune musafune.

Za mphenzi, njira zitatu zonsezi palibe imene ikutetezeni. Fyuzi ndi breaker n'zochedwa kwambiri. Pafunika SPD ya DC (chipangizo choteteza ku mphamvu ya mphenzi), ndipo waya pakati pa mapanelo ndi inveta akapitirira mamita 10, muike mbali zonse ziwiri, ngakhale inveta itabwera ndi yake m'kati. Kumalo a mphenzi zambiri ngati Mulanje ndi Thyolo ndimaika ya Type 1+2, yopirira mphenzi yamphamvu.

Ndiye akuluakulu, mukandifunsanso yankho ndi lomweli. Ntchito yatsopano ya pa ESCOM, inveta ya ma MPPT ambiri, muiyandikize ku mapanelo. Mapampu ndi kulikonse kumene mizere ikukumana yambiri, gPV ndi isolator. Ngati muli kale ndi bokosi la ma breaker, mawa m'mawa dzuwa lisanakwere zimitsani inveta, tsegulani chitseko, muyang'ane ngati pa miyendo pali + ndi −, ndipo muwerenge miyendo imene yalumikizidwa. Bokosi langa lakupsa lija ndinalisunga, lili kuseri kwa shopu, ofuna kuona mubwere.