Nyali za chifunga pa njinga yanga, zitadutsa fumbi ndi dzinja la mu Lusaka

Nyali ziwiri zimene ndinamangirira pa njinga yanga yamoto mu Meyi 2024 zikuyakabe, zonse ziwiri. Zapirira chisanu cha Juni, fumbi la Okutobala ndi mvula ya dzinja lonseli. Zili zatsopano ndinalemba kuti zikuwala bwino, n'zotchipa, ndipo kuzimanga sikudya tsiku lonse. Mawu amenewo sindikuwabweza. Koma chimene chandidyera nthawi ndi tindalama m'miyezi yonseyi si nyalizo ayi. Ndi mawaya, swichi ndi mabawuti.

Njingayo ndi ya 150cc, mtundu womwewu wadzaza m'tauni ndi anyamata operekera katundu, ndipo batire lake ndi la 12V, 5Ah. Ndimakhala ku Mtendere, mkati mwa sabata ndimazungulira ndi maphukusi, Loweruka ndimakonda kulawirira ku Chongwe, makilomita pafupifupi 45 mu Great East Road, kumene amayi ali ndi dimba. Nyalizo ndi za LED, zoyaka zoyera komanso zachikasu, zogula m'sitolo ina ya zipangizo za njinga cha ku Kamwala. Zili pa chitsulo chotchinga injini, m'munsi, cha m'mawondo.

Pa katoni analemba kuti nyali iliyonse ndi 60W. Madala ena amene amakonza magetsi a galimoto pafupi ndi kwathu atawerenga anangoseka, n'kutulutsa mita yawo. Ziwiri zonse pamodzi zinkakoka 1.7A. Chulukitsani ndi 12V mupeza 20W basi, ndiye kuti imodzi ndi 10W. Munthu umayamba wadandaula kuti akubera, koma bodza la pa katonilo ndi limene lasunga batire langa mpaka lero. Zikanakhaladi 120W bwenzi zikukoka 10A, pomwe koyilo yopanga magetsi ya kanjinga ngati aka ilibe magetsi otsala ochuluka chotero. Nyali yakutsogolo, yakumbuyo, maindiketa, hutala ndi kutchaja batire zimakhala zitatenga kale gawo lalikulu. Mnzanga wina wa ku Chawama anaika mababu a halogen awiri a 55W ochotsa pa galimoto. Kuwala kwake kunali kosiririka ndithu, msewu wonse ngwee. Koma 110W ndi 9A, ndipo pa mzere wa magalimoto wa madzulo mu Kafue Road, pamene injini imangong'ung'udza osakoka, batire linkatsika tsiku ndi tsiku. Posakhalitsa sitata inaleka kuyankha, m'mawa uliwonse n'kumalimbana ndi kiki, mapeto ake anakagula batire lina.

Ine ndimayeza pa mitu ya batire mwa apo ndi apo. Njinga ikagona usiku wonse, mita imaonetsa 12.6V. Injini ikamalira yokha nyali zonse zili chiyakire, nambala imatsikira cha m'ma 12.3V, koma ndikangokoka moto pang'ono imakwera kupitirira 13.5V. Ikamakwera chonchi ndiye kuti batire likulandira. Ngati kwanu siikufika pa 13 ngakhale mutakoka moto, dziwani kuti mukudya chimanga cha mbewu. N'chifukwa chake pa mzere wautali wa magalimoto, kaya pa maloboti ochedwa, nyali zam'munsizi ndimazithimitsa. Pamenepo sizikundithandiza kalikonse, zikungowalira bampa ya minibasi.

Pa relay, kaswichi koyatsidwa ndi kamoto kochepa kuti katsegulire moto wopita ku nyali, ndikhalitsepo, chifukwa anthu ambiri amene amandifunsa za nyalizi pothira mafuta, ndikangoitchula amati n'kutaya ndalama. Mbali ina akunena zoona: 1.7A swichi ikhoza kunyamula yokha osatentha. Koma phindu la relay pa njinga ngati yanga lili pa kumene moto ukuchokera ndi nthawi imene ukuduka. Ili ndi miyendo inayi yolembedwa manambala. Wa 30 umapita ku batire, mbali ya +, kudzera pa fyuzi. Wa 87 umapita ku nyali. Wa 85 umapita ku ethi, ndiko kuti mbali ya − ya batire kapena chitsulo cha njinga cholumikizana nayo. Wa 86 umalandira kamoto kochepa kuchokera ku swichi ya pa handulo, ndipo swichiyo imatapa pa waya umene umakhala ndi moto pokhapokha kiyi akatembenuzidwa. Choncho nyali zimadya kuchokera ku batire pa waya wawowawo, osalemetsa mawaya ang'onoang'ono a njinga, ndipo ukazula kiyi zonse zii. Ana a m'komboni amakonda kutobwanya mabatani njinga ikakhala pakhonde, koma kwa ine palibe chimene chimayaka. Amene analumikiza swichi molunjika ku batire nkhani yake akuidziwa: 5Ah pa 1.7A sipatha maola atatu batire lauma, ndipo sitata imakhala itakana kalekale nthawiyo isanakwane.

Pali njira ina yachidule imene anyamata ena okonza njinga m'mbali mwa msewu amaikonda: kusenda waya wa nyali yakutsogolo, kupotolerapo waya watsopano, kukulunga tepi yakuda, basi ndalama m'thumba. Pa njinga zambiri zazing'ono nyali yakutsogolo imadya magetsi a AC ochokera ku koyilo, osadutsa ku batire. Mudzaizindikira mosavuta: siyaka injini isanalire, ndipo imawala kwambiri mukakoka moto n'kufooka mukasiya. LED ikaikidwa pa waya wotero imangoti phethiphethi injini ikatsika, ndipo zambiri sizikhalitsa.

Za fyuzi ndinaphunzira kwa madala aja tsiku lomanga. Anaiika pafupi penipeni ndi mutu wa batire, mpata wosakwana chikhatho, ya 5A, pa waya wa 1.5mm². Ndinafunsa ngati singakhale cha kutsogolo kumene dzanja limafika msanga.

"Mwana wanga, fyuzi silondera nyali, imalondera waya," anatero osadzutsa n'komwe mutu. "Ukaiika kutali, kachigawo kotsala pakati pa iyo ndi batire akukalondera ndani? Ndipo thanki ya petulo ili pamwamba pomwepo."

"Nanga madala, bwanji osaika ya 20 kuti isamapse?"

"Ikakana kupsa iyo, apsa ndi waya."

Mu Novembala inapsadi. Ndinali nditangodutsa mahampu cha ku Chelstone, nyali zonse ziwiri n'kuthima kamodzi, yakutsogolo yokha n'kutsala. Titatsata waya tinapeza kuti wa kumanzere unkakhudza ngodya ya kachitsulo komangirapo nyali. Kunjenjemera kwa injini kunali kukudya pang'onopang'ono chikopa chake mpaka kopa anaonekera, kamalo kakang'ono kowala, ndipo pa chitsulopo panali kadontho kakuda pomwe moto unalumphira. Tinadula, kuwotcherera, kuvekapo kapaipi kapulasitiki kaja kamafota ukakayandikiza moto, kenako n'kudutsitsa waya wonse m'kapaipi ka labala pamalo onse okhudza chitsulo. Zonse zinathera pa fyuzi imodzi ya ndalama zochepa. Tepi yakuda ndinaitaya mtima: kutentha kwa Okutobala pafupi ndi injini kumasungunula ulimbo wake, imamasuka, fumbi n'kulowa.

Pakhosi pa njinga, pomwe handulo imatembenukira, ndi pena pamene waya amafera. Wa swichi amapindika nthawi iliyonse mukakhota, ndipo akakhala wokoka amaduka mkati chikopa chili bwinobwino kunja, nyali n'kumathima mukakhotera mbali imodzi yokha. Wanga madala anamusiyira mpata, n'kupotoza handulo mbali zonse ziwiri mpaka kumapeto asanamange. Sanavutepo.

Chimene chinagonja ndi swichi yobwera m'katoni. Lusaka ndi wathyathyathya, madzi a mvula sathamangira kulikonse, amangokhala. Amene anaperekapo katundu ku Kanyama mu Januwale akudziwa zimene ndikunena. Nyalizo zinalembedwa IP67, kutanthauza kuti fumbi sililowa ndipo zikhoza kumira mita imodzi kwa mphindi 30, koma pa swichi panalibe lonjezo lililonse. Inayamba kukana mvula ikagwa, kenako n'kumayatsa yokha kiyi akangotembenuzidwa. Nditaitsegula ndinapeza tizitsulo take tabiriwira, ndi timatope tofiira m'makona. Ndinagula ina yokhala ndi chipewa cha labala, n'kupakamo girizi pang'ono. Nyali ya kumanzere nayo inachita nthunzi mkati mwa galasi nditawoloka chithaphwi chakuya ili yotentha. Madzi analowera kumbuyo, pamene waya amalowera. Inauma itakhala padzuwa, ndipo pabowopo tinamatapo silikoni.

Ethi nayo inasamuka. Waya wake wobwera ndi nyali unali waufupi, wongokwanira pa bawuti ya chitsulo chotchinga injini. Dzinja litafika pansi pa bawutiyo panachita dzimbiri, nyali imodzi n'kuyamba kufooka. Pano ethi ili ndi waya wakewake wobwerera ku batire, ndipo zonse ziwiri zikuwala mofanana. Manati oyamba ankamasuka pafupipafupi, nyali n'kumaweramira pansi kapena kuyang'ana kumwamba. Ndinasintha n'kuika aja okhala ndi pulasitiki mkati, nkhani inathera pomwepo.

Tsono za kuwala kwenikweniko. Chifunga mu Lusaka n'chosowa. Ndimakumana nacho mbandakucha wa Juni ndi Julaye m'madambo a ku Chongwe, ndiponso m'mawa wina mvula ikagwa usiku, koma dzuwa likangotuluka chabalalika. Zathu kuno ndi fumbi la Ogasiti mpaka mvula yoyamba, utsi wa tchire lootchedwa m'mbali mwa msewu, mvula ya usiku, ndi mdima. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, magetsi ankathima maola ambirimbiri, misewu ya m'makomboni ili bii, ngakhale kababu ka pa kantemba osaoneka. Nthawi imeneyo ndi pamene nyalizi zinabweza ndalama zake.

Mphamvu yake ili pa malo pamene zakhala. Nyali yakutsogolo ili pamwamba, pafupi ndi mzere wa maso, ndiye m'fumbi kapena m'chifunga kuwala kwake kumagunda n'kubwerera kumaso, kutsogolo konse mbuu. Zam'munsizi zimakwawa ndi nthaka. Dzenje limene nyali yapamwamba imalionetsa ngati banga chabe, izi zimalipatsa mthunzi, umaona mlomo wake n'kudziwa kuya kwake usanafikepo. M'mphepete mwa phula, pamene pamagumuka, pamaoneka bwino. Ndipo amalonda a makala aja amalowa m'tauni kusanache, matumba atasanjikizana pa njinga yopalasa yopanda nyali ngakhale kagalasi kumbuyo, ndimawaona msanga kuposa kale. Zachikasu sizibowola fumbi kuposa zoyera monga ogulitsa amanenera. Mtunda womwe ndimaona ndi umodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti sizithobwa m'maso, ndipo pa phula lonyowa maso satopa msanga. Koma zoyera kapena zachikasu, izi ndi nyali za pafupi. Wofuna kuthamanga usiku mu Great East Road asadalire izi.

Phindu lina sindinaliyembekeze. Madalaivala a minibasi otuluka pa siteji akaona nyali imodzi yokha sadziwa ngati ili pafupi kapena kutali, ena amayesa galimoto yakufa diso limodzi. Nyali zitatu, imodzi pamwamba ziwiri pansi, zimawauza kuti chikubweracho ndi njinga ndipo chafika. Kundidula kutsogolo kunachepa, ngakhale kuti kutheratu ndiye ayi, a minibasi ndi a minibasi.

Kuloza kwake n'kofunika kuposa mtengo wake, ndipo apa ndi pamene anzanga ambiri a njinga amandikwiyitsa. LED ya 10W yoyang'ana m'mwamba imachititsa khungu wobwera kutsogolo, iye n'kukuyatsira zake zazikulu, nonse awiri osaonanso kanthu. Ine ndimaimika njinga mamita asanu kuchokera pa khoma, n'kukhalapo ndekha pampando, kenako n'kuonetsetsa kuti pamwamba pa kuwalako pali m'munsi mwa msinkhu wa nyalizo. Poti kuno timayenda kumanzere, obwera amadutsa kudzanja lamanja, ndiye ya kumanja ndinaiweramitsa kwambiri, ya kumanzere n'kuipatutsira kunja pang'ono kumene kumayenda anthu apansi. Pobwerera ku Chongwe ndi thumba la masamba kapena la chimanga kumbuyo, njinga imakhala pansi cha kumbuyoko, mphuno n'kudzuka, ndipo nyali zimene zinali bwino m'mawa zimayamba kulasa anthu m'maso. Tsiku lotero ndikaona galimoto ikubwera ndimathimitsa.

Chimene chandikanika mpaka pano ndi machitidwe ake atatu. Ukayatsa zimabwera zoyera. Ukathimitsa n'kuyatsanso, zachikasu. Kachitatu zimayamba kuthwanima. Ndiye ukathimitsira galimoto yobwera, poyatsanso supeza zimene unasiya, uyenera kudina mpaka uzungulire, ndipo pakati pake umadutsa pa kuthwanima kuja uli pakati pa msewu usiku. Kuthwanima n'kwa ambulansi ndi apolisi, pa njinga ya maphukusi kumangosokoneza anthu. Madala anayang'ana ngati angakuchotse, koma kabolodi kake kanamatidwa mkati mwa nyali, kutsegula n'kuswa. Zikadzafa izi ndidzagula zachikasu zokhazokha, zoyaka mtundu umodzi, zosapitirira 10W imodzi. Relay, fyuzi ndi mawaya zidzatsala pomwepo. Kumapeto kwa waya uliwonse madala anaika pulagi, ndiye kusinthako ndi kuzula ziwiri n'kulowetsa ziwiri.