Kachingwe kamene kanadzutsa maikolofoni ya mahedifoni anga

Kwa masiku anayi anzanga pa Zoom ankadandaula kuti ndikumveka patali, ngati munthu wolankhulira m'chipinda china, ndipo phokoso la fani ndi la makiyi linkawafika kuposa mawu anga. Ine ndinkawamva bwinobwino. Mahedifoni anali atsopano, okhala ndi maikolofoni yopindika ija yofika pakamwa, moti ndinayamba kuganiza kuti ndagula chinthu chakufa.

Kabatani kotsekera mawu kapachingwe kanali kotsegula. Mu Windows, pa Microphone, mapulogalamu anali ololedwa. Madiraivala, mapulogalamu othandiza kompyuta kugwira ntchito ndi zipangizo za mawu, ndinawaikanso kawiri. Kenako ndinatsegula Sound, pa Input, n'kugogoda maikolofoni ya mahedifoni ndi chala: kamzere kosonyeza mawu kanangoti zii. Nditagogoda laputopu pafupi ndi kamera, kanadumpha. Apo m'pamene ndinadziwa kuti masiku onsewo ndinkalankhulira m'maikolofoni ya m'kati mwa laputopu.

Vuto linali pa pulagi. Mahedifoni anga ali ndi mapulagi awiri, yobiriwira ya kumakutu ndi yapinki ya maikolofoni, iliyonse yokhala ndi mizere iwiri yakuda. Laputopu ili ndi bowo limodzi la 3.5 mm, lofuna pulagi ya mizere itatu, imene amati TRRS. Mizere itatuyo imagawa chitsulo panayi: khutu lamanzere, lamanja, ground (gawo lobwererako magetsi), ndi maikolofoni. Pulagi yobiriwira ilibe gawo lachinayilo, ndiye mawu anga akanadutsa pati?

Kachingwe kamene ndinagula kuti kathetse vutoli n'kotalika ngati chikhatho. Mbali ina kali ndi mabowo awiri, mbali inayo pulagi imodzi ya mizere itatu. Nditalowetsa, laputopu inafunsa chimene ndalumikiza, ndinasankha Headset osati Headphones, ndipo kamzere kaja kanayamba kuvina ndikangotsegula pakamwa. Ndinajambula mawu anga n'kumvetsera. Anali oyera, ngakhale kupuma kunkamveka, mpaka ndinakankhira maikolofoni pambali pang'ono.

Pogula werengani mizereyo ndi maso anu. Pali kachingwe kena kofanana nako ndendende, kothandiza anthu awiri kumvera nyimbo pamodzi. Pulagi yake ili ndi mizere iwiri, ndipo sikanyamula mawu a maikolofoni ngakhale pang'ono. Onaninso kuti papaketi alemba CTIA, dzina la dongosolo la magawo anayi ndatchula lija, chifukwa pali dongosolo lakale la OMTP limene limasinthanitsa malo a ground ndi maikolofoni.

Zondidandaulitsa zilipo. Tizizindikiro tosonyeza bowo la makutu ndi la maikolofoni n'tating'ono kwambiri, takuda papulasitiki yakuda, moti usiku ndimachita kuunika ndi foni. Ndinamata kapepala pabowo la maikolofoni kuti ndisamasokoneze. Pamphanda pamene zingwe ziwiri zimakumana m'popyapyala, ndipo sindiyerekeza kukapinda ndikamaika m'chikwama. Pulagi nayo imafuna kukankha mpaka imveke kuti yalowa yonse. Ikatsala pang'ono, makutu amagwira koma maikolofoni ayi. Ndikalumikiza tchaja pamamveka kaphokoso kosowetsa mtendere chapansipansi, kamene kamatha ndikaizula.

Ngati bowo la laputopu yanu ndi lowonongeka, kachingweka sikangakuthandizeni, funani kachipangizo ka mawu kolowetsa pa USB. Kwa ine kachingweka kakwanitsa miyezi isanu tsopano, ndipo ndimakasiya cholumikiza kumahedifoni kuti kasatayike.