Ka app kolumikiza othandiza ndi mabungwe aja, ndakayesa

Pali ka app komwe apanga anyamata ena akwathu konkuno ku Nkhotakota, akuti kazilumikiza anthu ofuna kupereka ndalama kapena kugwira ntchito mongodzipereka ndi mabungwe othandiza anthu. Sikofuna kudawuniloda, umangotsegula linki pa foni basi.

Chomwe chandisangalatsa kwambiri ndi nkhani ya ndalama. Amene munali kuno mu February 2024 madzi atasefukira ku Dwangwa mukukumbukira mmene zinalili, anthu ali m'makampu, msewu wa M5 utaduka, ndiye magulupu a WhatsApp anangoti mbwee aliyense akuponya nambala yake kuti tumizani apa tikagule ufa ndi mabulangete, ena anagulilatu inde koma ena mpaka lero ziii. Apa sizikutero. Bungwe limalemba chomwe likufuna, tinene matumba a soya ndi chimanga a phala la ana ku mkombaphala, mtengo wake pompo, iwe ukatumiza K5,000 yako pa Airtel Money kapena Mpamba kamzere koonetsa ndalama zomwe zasonkhedwa kamasuntha ukuona ndi maso ako. Akagula amayenera kuika chithunzi cha lisiti, osaika ndiye sangapemphenso china. Ameneyo amene anaganiza zimenezi ndamuvulira chipewa.

Mbali ya mavolontiya ilibe zambiri, umalemba luso lako ndi dera lomwe uli, kaya Benga kaya pa boma, akakufuna amakuimbira. Ine andiitanapo kukathandiza kulemba mayina a ana, zinayenda bwinobwino.

Koma pondinyansa mpakuti kuti bungwe lilowemo akufuna setifiketi ya ku NGORA, ofesi ya boma yoyang'anira mabungwe omwe si aboma. Ndikumvetsa, akuthawa akuba. Nanga ma CBO, timabungwe toyambitsidwa ndi anthu a kumudzi eni ake, omwe pepala lawo ndi la ku ofesi ya social welfare ya kukhonsolo, azimayi ophika phala ku Mwansambo uko, alowa bwanji? Amene akugwira ntchito yeniyeni ndi omwewo, olo masana a Loweruka uwapeza. Mapeto ake mndandanda wadzadza ndi mabungwe okhala kale ndi ma Land Cruiser. Bwanji osalola kalata ya a social welfare kuphatikiza ya amfumu ndi a VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi?

Chinanso zithunzi zake nzolemera heavy, bandulo imatha usanaone kanthu, ndipo ukangochoka mumsewu waukulu netiweki ikagwa kamangozungulira. Zonse zili m'Chingerezi, batani loti "Donate" mayi anga sangalidine ngakhale pang'ono. Tcheyamani wa komiti ya CBO yathu ali ndi kafoni ka mabatani, iye ndalama amatumiza pa *211# tsiku lililonse osavutika, ndiye akanapanga njira ngati imeneyo kapena ya SMS bwenzi zili bho.

Ndikapatsa nyenyezi zitatu pa zisanu. Ngati muli ku Lilongwe kapena ku Joni mukufuna kuthandiza kwanu kagwiritseni ntchito, lisiti muliona. Ife a ma CBO pakadali pano tikupemphabe kudzera m'magulupu a WhatsApp omwe aja.