Sikopu ndi yabwino, koma a m'shopu asakuikireni zero stop

Sikopuyi, galasi loonera patali lomanga pamfuti, ndikuipatsa nyenyezi zinayi, koma shopu imene ndinaigulayo siyenera ngakhale imodzi. Ndi 4-16x44 (imakulitsa chithunzi ka 4 mpaka ka 16) yoyendera muyeso wotchedwa mil, ndinaigula R9,000, ndipo ndi imene ambiri tikumanga pa mfuti za .308 m'mafamu a nyama kuno ku Limpopo. Galasi lake n'loyera, nswala umaiona bwinobwino ngakhale kukuyamba kuchita chisisira.

Chimene chandilembetsa ndi mnyamata wa pakauntala. Anaimanga pamfuti, kusuzumira mumpope, n'kundiuza monyadira kuti zero stop, kachitsulo koimitsa chopotozera cha sikopu pa 0, wandiikira kale, ine ndikangowombera basi. Ndipo anandilipiritsa ya ntchitoyo. Nditakaiyesa pa mamita 100, zipolopolo zonse zinagwera pamwamba pa chandamale, masentimita ngati 15. Imeneyo si nkhani yodetsa nkhawa. Click imodzi, kulira kumodzi kwa chopotozera, ndi 0.1 mil, ndiye kuti sentimita imodzi pa mtunda umenewo, choncho ndimangofunika kutsitsa ma click 15. Koma popotoza turret ya pamwamba, chopotozera chokweza ndi kutsitsa pokagwera chipolopolo, inangoyenda pang'ono n'kuima nji! Kukwera imakwera, kutsika ayi.

Nditaimba foni, mnyamata uja anati ndaikakamiza ndine, ndipo ngati yathyoka m'kati waranti palibe. Kenaka akuti mwina vuto ndi ma ring ogwirira sikopu pamfuti, ndibwere ndidzagule ena okwera mtengo. Taonani anthu ake! Ndalamazo anandipatsa ndi abwana kuti ndikasankhe ndekha, ndiye mungaganize mmene mtima unkagundira.

Anandipulumutsa ndi mdala wina wosaka wa famu yoyandikana nafe. Anangoseka, n'kutulutsa ka Allen key. Anamasula timasikuluu ta m'mbali mwa chivindikiro cha manambala, kuchizula, n'kundionetsa kamkombero kokhala ndi kachitsulo kotulukira. Zero stop ndi imeneyo basi. Siisuntha pokagwera chipolopolo, ntchito yake n'kutsekereza turret kuti isapitirire kutsika pamalo amene waikhomera. Ndiye umayamba wamasula kamkomberoko, kuwombera, kupotoza mpaka zipolopolo zizigwera pakati. Ukatero m'pamene umakazungulitsa mpaka kagunde pokhomera pake, kumanga, n'kubwezera chivindikiro 0 atayang'anizana ndi kamzere. Mnyamata uja anakhoma mfuti isanalire n'komwe, ngati telala wodula nsalu asanakuyeze.

Kuchokera tsiku limenelo mkwiyo wanga pa sikopuyi unatha. Tinaiyesa pa pepala lalitali: ma click 30 kukwera, zipolopolo zinakwera masentimita 30, ndipo pobwerera zinagwera pomwe zinayambira. Ma click ake amamveka ku zala, sapita awiri nthawi imodzi. Njiri zikatulukira patali, ngati mamita 300, ndi zipolopolo zimene timagwiritsa ntchito ndimakweza ma click 14 kapena 15. Ndikamaliza ndimangopotoza kubwerera mpaka igunde, osayatsa tochi, osachotsa diso kutchire. Amene anagwirapo sikopu yopanda stop akudziwa vuto lake. Turret iyi ikazungulira kamodzi ndi ma mil 10, ndipo 0 amaonekanso chimodzimodzi. Ukasokoneza mzungulo umodzi, pa mamita 100 waphonya ndi mita yathunthu, kapena wavulaza nyama n'kuyamba kuilondola usiku wonse, abwana akukuyang'ana.

Nyenyezi yachisanu ndaimana pa zifukwa zake. Turret ya kumanja, yokonzera mphepo, ilibe stop, ili ndi loko chabe woti ukoke kaye usanapotoze, ndipo wanga amatseguka yekha mfuti ikamakhulana ndi mpando wa galimoto ya bakkie. Timasikuluu tija n'tating'ono kwambiri, ukamanga mwamphamvu timabunthika, kakagwa mumchenga iwalani. Manambala a parallax, chopotozera cha kumanzere choyeretsera chithunzi malinga ndi mtunda, musawakhulupirire, pamene palembedwa 100 ine chithunzi chimayera nditapitirira pang'ono. Kabuku kake nako nkhani ya zero stop kangoidutsa ndi kachithunzi kamodzi.

Ndalama ya kumangitsa ija sanandibwezere, akuti ntchito inagwiridwa. Chowawa n'chakuti mtengo wawo ndi wotsikabe kuposa kwina konse kumene ndinafunsa, ndiye sindinganene kuti musapiteko. Pitani, lipirani, koma bokosilo mutuluke nalo losatsegula.